Mkanjo Umodzi, Oyambitsa Asanu

Koleji ya boma ya ku Sovamai inali ndi zaka khumi zokha, koma inali itayambitsidwa kale kasanu. A Tarnue Zayzay, mlembi wa kolejiyo amenenso ankasunga mbiri yake, ankazidziwa bwino zimenezi, pakuti akapezeka woyambitsa watsopano, ndi iwo amene ankang'amba tsamba loyamba la mbiriyo n'kulilembanso.

Chiyambi chenicheni chinalibe chokometsera. Nkhondo itatha, ana a chigawo chonsecho akamaliza sekondale ankangokhala, kapena kupita kulikulu ku Monrovia kukagona pakhonde la achibale. Anthu a m'tauni anatenga nyumba yakale yosungiramo khofi, imene zipolopolo zinaiboola ngati sefa, n'kuumba njerwa dera ndi dera, amayi akuphika mpunga ndi chigwada pansi pa mango. Boma linatumiza chikalata, aphunzitsi anayi ndi mawu olimbikitsa. A Zayzay, amene sukulu yawo anaimalizira ya madzulo ndevu zili kale pachibwano, anasenza nawo njerwazo, kenako anapatsidwa tebulo ndi buku lalikulu lachikuto chakuda. Koma mbiri yotere siwerengeka pamaso pa mlendo wobwera pa galimoto yozizira m'kati. Mlendo wotere sabwerera kudzamva za chigwada.

Cholinga cha koleji nachonso chinkakula ndi alendo. Poyamba chinali mzere umodzi pakhoma: "Mwana wa mlimi aphunzire pafupi ndi munda wa kwawo." Mlendo aliyense ankasiyapo liwu lake, ndipo pofika chaka chakhumi cholingacho chinali chitayenda khoma lonse, kukhota pangodya, n'kukathera pafupi ndi zimbudzi, pomwe panali mawu akuti "kutsogolera dziko lonse lapansi."

Ku Sovamai munthu wamkulu sapemphedwa kanthu ndi pakamwa. Amalandiridwa ndi mtedza wa kola woyera m'mbale ndi nkhuku yoyera, kenako amavekedwa mkanjo wa nsalu yoluka pamanja anthu onse akuona. Wavala mkanjo wasanduka mwana wa mudzi, ndipo mwana wa mudzi sakhala pansi asananene chimene achitire kwawo. Amayi a m'tauni anapota thonje lawo nyengo yathunthu, mkulu wina wa kuphiri n'kuluka mkanjo wa mizere yoyera ndi yabuluu, wolemera ngati bulangeti lonyowa. Woyamba kuuvala anali Olemekezeka a Jallah Barcolleh, phungu wa derali nthawi imeneyo, amene analonjeza malata a denga lonse.

Mkulu wa koleji wa masiku amenewo, malemu a Vankpanah, anali munthu woti nkhondo inamuphunzitsa kusakhulupirira chinthu chisanafike pakhomo. Mwambo utatha anawatengera a Barcolleh pambali n'kuwauza kuti khosi la mkanjo silinapetedwe bwino, ausiye kaye, autumiza. A Zayzay analemba kalata yotsimikiza zimenezi n'kusaina dzina lawo. Cholinga chinali choti mkanjo upite tsiku limene malata adzafike. Malata sanafike. Patapita zaka ziwiri kunabwera mlendo wina, woluka uja anali atamwalira, ndipo mkanjo unali m'bokosi, woyera bwino, ukungodikira. Umu ndi mmene anthu asanu anavalira mkanjo umodzi, aliyense n'kutchedwa woyambitsa koleji, aliyense n'kulandira kalata yosainidwa ndi T. Zayzay yonena kuti mkanjo wake uli kwa telala.

A Zayzay sankaliona ngati bodza kwenikweni. Mkanjo unkakhaladi kwa telala, Mayi Garmai, mphunzitsi wa zosoka pa kolejipo, amene ankaukulitsa ndi kuuchepetsa malinga ndi mimba ya mlendo.

Vuto linabwera ndi mkulu watsopano, Dokotala Augustus Kpadeh, amene anali atatha miyezi isanu ndi itatu chibwerere kuchokera ku America ndipo ankayendabe ndi botolo lake la madzi. Pokonzekera chikondwerero cha zaka khumi, popanda kufunsa munthu, analembera oyambitsa onse asanu kuti abwere atavala mikanjo yawo, kuti ajambulitse chithunzi chimodzi chokongoletsa chikuto cha kabuku ka mbiri.

Patatsala masiku khumi, a Zayzay analowa m'chipinda cha zosoka nkhope ili gwa. Munali makina awiri, amodzi oyenda, enawo oikapo zikwama.

"Achemwali, mwamva zimene achita bwana?"

"Ndamva kalekale, a Mlembi. Inu nkhani imakupezani itazizira ngati mpunga wa dzulo," anatero Mayi Garmai, ulusi uli kukamwa. "Oyambitsa anu aja ayamba kale. A Barcolleh aimba foni kuofesi kufunsa mkanjo wawo. Mayi Dorbor atuma dalaivala. Abishopu akuti akuupempherera."

"Sitingapeze ina inayi? Masiku khumi ndi ambiri."

"Ndi ambiri kwa munthu wolemba makalata. Mkanjo wa pamanja ndi miyezi, achimwene, si mandasi. Kapena mukufuna ndikagule ija ya pamakina ya kumsika? Muwaveke Olemekezeka nsalu ya makatani, agogo onse a m'tauni muno akuona? Adzaigwira kamodzi kokha n'kulavula."

"Nanga kubwereka?"

"Kubwereka mkanjo wa munthu? Bwerekaninso mkazi wake, mukhale mwamaliza."

A Zayzay anakhala pa benchi. Sanali munthu wofulumira. Nkhani ankaitembenuza kaye ngati munthu wogula chinangwa, kuyang'ana kumene kwaola.

"Pali china chimene simunamve," anatero mayiwo, tsopano mawu atatsika. "Dalaivala wa Mayi Dorbor anadutsira kumsika. Anthu awerengera okha. Mikanjo isanu inaperekedwa, palibe ndi umodzi womwe unafika kwa mwini wake, makalata onse ndi a Zayzay. Akuti munakaigulitsa kutsidya kwa malire. Akuti malata a khitchini yanu ndi mkanjo wa Abishopu."

"Khitchini yanga ndi yaudzu."

"Ndiye akuti mukubisa chuma."

Madzulo a tsikulo a Zayzay anadutsa pamsika monga mwa masiku onse. Mayi Krubo wogulitsa tsabola, amene kwa zaka khumi ankawapatsa moni wa "aphunzitsi athu", anakweza mawu osawayang'ana.

"Amayi inu, anulani zovala! Kukudutsa chimphepo chonyamula nsalu!"

Mzere wonse wa tsabola ndi nsomba zouma unafa nacho chiseko. Mnyamata wa njinga yamoto anawafunsa ngati akupita kumalire, awachotsereko mtengo. A Zayzay anayenda osatembenuka. Analibe galimoto, analibe munda wa koko, digiri yawo inali ya pakalata. Chimene anali nacho m'tauni yonseyo ndi chakuti akanena kuti chikalata ichi n'choona, anthu sankafunsanso kwina. Pa zaka makumi asanu ndi limodzi, munthu sayambanso kuweta dzina lina.

M'mawa mwake anakagogoda kwa Dokotala Kpadeh n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa a Vankpanah. Dokotala anamvetsera, kumwa madzi, n'kumvetseranso.

"Mukundiuza kuti koleji ino ili ndi mkanjo umodzi?"

"Umodzi, bwana Dokotala. Koma wosamalidwa bwino."

"Madala, kumene ndinali ine, zimenezi zikanatseketsa sukulu."

"Kumeneko amaveka mikanjo, bwana?"

"Musandisokoneze." Dokotala anaimirira n'kuyamba kuyendayenda. Sanali munthu woipa mtima, a Zayzay ankatero mumtima. Anali munthu wofuna kuti zinthu zioneke bwino, ndipo zimenezi nthawi zina zimaposa kuipa mtima. "Tamverani. Anthu asanu amenewa ndi mizati ya koleji. Akadziwa kuti takhala tikuwaveka thukuta la anzawo, tathera pomwepo. Sukulu singanyozeke. Munthu mmodzi angathe kunyozeka."

"Munthu wake uti, bwana?"

"Makalata anasaina ndani?"

Dokotala sanadikire yankho.

"Sindikunena kuti munene kuti munaba. Ayi, ayi. Munene kuti inatayika m'manja mwanu. Chiswe, makoswe, kudontha kwa denga, sankhani nokha, ndinu wolemba mbiri. Mukatha kuwerenga mbiri ya koleji pa tsikulo, mugwade ndi nkhuku yoyera, mupepese. Iwo akhululuka, anthu akuluakulu amakonda kukhululuka pagulu. Kenako mupume pantchito mwaulemu, tidzakupatsani chikalata cha m'felemu."

"Makoswe kudya mikanjo isanu, anthu akhulupirira?"

"Sakhulupirira, koma avomereza. N'zosiyana zimenezo, madala."

"Ndipo kumsika azidzati chiyani?"

"Kumsika? Inu mukuganiza za kumsika pamene ine ndikuganiza za tsogolo la maphunziro apamwamba?"

A Zayzay anapempha kuti akaganize. Dokotala anati palibe choganiza, pulogalamu yapita kale kosindikiza: nambala 7, Mbiri ya Koleji, nambala 8, Mawu Apadera ochokera kwa Mlembi.

Anaganizabe, masiku asanu ndi atatu. Anaganiza kuti mwina Dokotala akunena zoona, pakuti sukulu ili ndi ana mazana anayi pamene iwo ndi nkhalamba imodzi. Anaganizanso kuti makalata aja anasainadi okha, palibe anawagwira dzanja. Anafika pogula nkhuku yoyera n'kuimangirira kuseri kwa khitchini. Koma akatsegula buku lachikuto chakuda, ankapeza kuti lili ndi zimene mbiri yosindikizidwa inalibe. Mwambo uliwonse wa mkanjo anaulemba tsiku lake, amene analipo, ndi mawu enieni amene wovekedwayo ananena, pakuti ku sukulu ya madzulo anaphunzitsidwa kuti mlembi salemba zimene akuganiza, amalemba zimene wamva. Mabuku awiri onsewa anali ntchito ya dzanja lawo. Funso linali lakuti Loweruka awerenge liti.

Loweruka linacha ndi dzuwa lowawa. Bwalo la koleji linadzaza: ophunzira, makolo, amayi a kumsika atavala zofanana, akuluakulu a madera ndi zipewa zawo zoluka. Alendo anakhala pansi pa lona, pa mipando yobwereka kutchalitchi. Mwa oyambitsa asanu anabwera anayi. A Barcolleh anali atanenepa kwambiri chichokere ku nyumba ya malamulo, ndipo kunkamveka kuti akufuna kuimanso. Pambali pawo panali Abishopu Kesselly, kenako bwana wa kampani yocheka matabwa, kenako Mayi Sonnie Dorbor, mwini magalimoto onyamula katundu, atavala magalasi akuda. Wachisanu, mzungu wa bungwe lina, anabwerera kwawo kalekale. Anatumiza uthenga woti mtima wake uli ku Sovamai, ndipo mpando wake anaikapo maluwa.

Panali pemphero lalitali, kwaya, kola, ndi mawu a Dokotala amene anatchula "masomphenya" kakhumi ndi kawiri, Mayi Garmai akuwerenga ndi zala. Kenako woyendetsa mwambo anaitana nambala 7.

A Zayzay anapita kutsogolo ndi buku lakuda kukhwapa ndi chikwama cha pulasitiki kudzanja. Nkhuku anaisiya kunyumba. Dokotala anayang'ana chikwamacho, kuona kuti sichikupalapata, n'kumwa madzi.

"Mikanjo ija ili mmenemo?" anafuula wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

A Zayzay anadikira kuti phokoso lithe. Mawu anatuluka owongoka, mawu omwe ankaitanira mayina a olembetsa.

"Akuluakulu, amayi ndi abambo, ndapatsidwa kuti ndiwerenge mbiri. Ndiwerenga ya m'buku, chifukwa ya pakamwa ndakalamba nayo. Koleji ino inamangidwa ndi anthu a madera asanu ndi limodzi a tauni ino. Dera la Kumtsinje linaumba njerwa zikwi zinayi. Dera la Kumsika linatunga madzi ndi kuphika masiku makumi atatu."

Amayi a kumsika anasiya kudzikupiza. Panali patatha zaka zisanu ndi zinayi asanamveponso akutchulidwa.

"Chaka choyamba, mwezi wa Novembala, tinaveka mkanjo Olemekezeka a Jallah Barcolleh. Iwo anati, ndikuwerenga mawu awo: 'Mvula ikubwerayi siidzagwera mwana aliyense m'kalasi. Malata ali m'njira.'" A Zayzay anakweza maso. "Olemekezeka, mwafunsa za mkanjo wanu. Ulipo. Sunatayike, sunagulitsidwe. Malemu a Vankpanah anati upite pa galimoto yomwe idzabweretse malata, kuti galimotoyo isabwerere yopanda kanthu. Ukudikira galimotoyo."

Kenako gogo wina wa Kumtsinje anatulutsa kachiseko kakang'ono kamphuno, ndipo kanayaka ngati moto wa m'tchire. Anthu onse anayang'ana denga la koleji, pomwe malata akale a nyumba ya khofi anali atapanikizidwa ndi miyala ndi matayala.

"Madala!" ananong'ona Dokotala mokweza. "Si zimenezo!"

A Zayzay anatembenuza tsamba.

"Chaka chachitatu tinaveka Abishopu Kesselly. Iwo anati: 'Ndidzamanga nyumba ya mabuku, ndipo idzakhala nyale ya chigawo chino.' Pano ndinene chilungamo: chikwangwani cha nyumbayo chinabwera, chokongola, chili ndi dzina la Abishopu. Tachisunga bwino. Nyumba ikubwera pambuyo. Mkanjo wanu, Abishopu..."

"Ukudikira!" anayankha amayi a kumsika onse pamodzi, ngati kutchalitchi.

"Chaka chachinayi tinaveka mnzathu wa kunja, amene lero waimiridwa ndi maluwa. Analonjeza makina a magetsi."

"Ukudikira!"

"Chaka chachisanu ndi chimodzi, bwana wa matabwa. Anati: 'Ndi manyazi kuti ana a m'nkhalango azilembera pa mawondo. Madesiki mazana awiri.' Chaka chomwecho magalimoto a mitengo anadutsa pano tsiku ndi tsiku kupita kudoko. Mwina madesiki anali m'kati mwa mitengoyo, sindingaweruze."

"Ukudikira!"

"Chaka chachisanu ndi chitatu, Mayi Dorbor. Makina osokera makumi awiri."

Apa Mayi Garmai anaimirira okha, manja m'chiuno. "Amenewo ndikuwadikira ndine!"

Phokoso litatsika, a Zayzay anatsegula chikwama n'kutulutsa mkanjo. Anautambasula pa tebulo la alendo, mizere yake yoyera ndi yabuluu ikuwala padzuwa, m'mbali mukuoneka mabala a singano pomwe unakulitsidwa ndi kuchepetsedwa.

"Mikanjo isanu imene akuti ndinagulitsa ndi uwu. Ndi umodzi. Unali umodzi kuyambira kale. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinasaina makalata asanu onena za chinthu chimodzi, ndipo zimenezo ndavomera pamaso panu. Koma sindinabe ulusi ndi umodzi womwe. Tsopano eni ake muli pano. Amene akudziwa kuti ndi wake, autenge."

Anabwerera m'mbuyo n'kuima, manja kumbuyo.

Palibe anatambasula dzanja. Abishopu anatseka maso ngati alandira uthenga. Bwana wa matabwa anapeza chinthu chofunika kwambiri mufoni yake. Mayi Dorbor anayang'ana mkanjowo, kuyang'ana mimba ya a Barcolleh, n'kufunsa mokweza ndithu: "Ndiye kuti ine ndinavala pambuyo pa awa? Munauchapa?"

"Kawiri, mayi," anatero Mayi Garmai. "Ndi sopo wabwino."

Dokotala Kpadeh anali atagwira mutu. A Zayzay anawamvera chisoni pang'ono. Ankayembekezera kuti tsopano alendo anyamuka mokwiya, magalimoto alira, chikondwerero chithera pomwepo, ndipo anali atakonzeka kusenza zimenezo.

Koma anali ataiwala kuti a Barcolleh anakhalapo phungu zaka khumi ndi ziwiri. Bamboyo anadzuka pang'onopang'ono, kutenga chimkuzamawu, n'kuyamba kuseka, chiseko chachikulu chochokera pansi pa mimba, mpaka anthu anayamba kuseka nawo osadziwa chifukwa.

"Abale anga! Ana a Sovamai! Mwamuona mkulu uyu? Anthu otere ndi amene dziko lino likuwasowa! Ine za mkanjo umodzi ndinkazidziwa kalekale." Anadikira kuti bodzalo likhazikike. "Ndinkayesa koleji yanga, kuti ndione ngati muli munthu wolimba mtima. Lero ndamupeza! Ndipo chifukwa cha iye, ndikunena pano dzuwa likuswa mtengo: si malata a denga limodzi ayi. Madenga onse! Ndi la zimbudzi lomwe!"

Nthungululu inayambira kwa amayi omwe aja a "ukudikira". Ng'oma inagunda. Mayi Dorbor, osafuna kutsalira, analanda chimkuzamawu n'kunena kuti makina makumi awiri anali a kale, tsopano ndi makumi anayi. Abishopu anatsegula maso n'kulengeza kuti nyumba ya mabuku idzakhala yosanja. Bwana wa matabwa anawonjezera mipando pa madesiki. Ophunzira anavina kuzungulira lona, gogo wa Kumtsinje uja ali patsogolo. Maluwa okha ndi amene sanalonjeze kanthu.

A Zayzay anaima pomwe anali, akuyang'ana anthu a kwawo. Kenako, poti inali ntchito yawo ndipo palibe anali atawachotsa, anakhala pansi, kutsegula tsamba latsopano, n'kulemba tsiku ndi mawu a aliyense monga anawanenera.

Chithunzi chinajambulidwa oyambitsa anayi atagwira mkanjo, aliyense ngodya yake. Atatha onse anausiya pa tebulo.

Lolemba m'mawa Dokotala anawaitana. Nkhope inali yowala ngati ya munthu amene wapulumuka pangozi n'kuyamba kukhulupirira kuti ankayendetsa bwino.

"Madala, chikondwerero chinayenda. Wailesi yanena kuti sichinachitikepo chotere. Koma mukudziwa kuti simunamvere."

"Ndikudziwa, bwana Dokotala."

"Sindikuchotsani, anthu angandidye. A Barcolleh akuti ndinu chuma cha dziko. Koma za mbiri musiye. Tapanga komiti ya anthu asanu ndi awiri. Inu muzingolembetsa ana." Anasuntha pepala pa tebulo. "Chinthu chimodzi chomaliza. Mwezi wamawa kukubwera mkulu wina wa kampani ya mafoni. Mayi Garmai ndawauza kale, mkuluyo akuti ndi wamtali, atsitse mpendero. Kalata ija ya kwa telala mumailemba bwino. Ingosainani, tsiku tidzaikapo."

A Zayzay anaiwerenga kalatayo yonse, ngakhale mawu ake anali awo omwe. Anaibweza.

"Dzanja langa lakalamba, bwana. Asaine a komiti."

"Ndi siginecha chabe, madala."

"Ee, bwana. Ndi chifukwa chake."

Anatuluka, buku lakuda n'kulisiya pa tebulo la Dokotala, amene analiyang'ana ngati mphika wotentha.

Madzulo anadzera kumsika. Akanatha kulambalala, koma ankafuna kumva. Mayi Krubo anawaona ali patali n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Aphunzitsi athu! Bwerani kuno, bwerani. Amayi inu, si ndinkakuuzani ine kuti bambo awa sangabe?"

"Iwe Krubo, usatipusitse," anatero mnzake wa nsomba. "Unkati tianule zovala ndiwe."

"Ndinkanena za mvula!" Anawathira a Zayzay tsabola wodzaza dzanja m'thumba la malaya, osawafunsa. Kenako anawayang'ana kuyambira ku nsapato zong'ambika mpaka kumutu, n'kupukusa mutu mwachisoni chenicheni. "Koma aphunzitsi, ndikufunseni. Zaka khumi kiyi wa bokosi ali m'thumba mwanu. Mkanjo wa thonje lenileni, woti kutsidya akanakupatsani njinga yamoto. Palibe akuwerenga, palibe akufunsa. Inu osaugulitsa?"

"Sunali wanga, mayi."

"Mwamva? 'Sunali wanga.'" Anatembenukira kwa anzake. "Ndiye tizitumiza ana athu kwa anthu otere kuti akawaphunzitse nzeru? Bambo awa si wakuba, amayi inu. Ndi wopusa chabe."

"Wopusa weniweni," anavomereza wa nsomba, mwaulemu wonse.

A Zayzay anathokoza chifukwa cha tsabola n'kupitiriza ulendo. Mawuwo anayenda nawo mpaka pa mlatho, akuwatembenuza uku ndi uku monga mwa chizolowezi chawo, kufuna pomwe aola. Pofika kutsidya anali atagamula kuti dzina limeneli angathe kukhala nalo.